Mmene mungalembere pulogalamu yanu yoyamba ya kompyuta, kuyambira pa kope la banki m'khonde

Anthu ambiri ofuna kuphunzira kupanga mapulogalamu a kompyuta amayamba ndi kufunsa kuti aphunzire chilankhulo chiti, Python, Java kapena JavaScript. Funso limenelo lingathe kudikira. Povuta pa ntchito imeneyi si pachilankhulo ayi. Povuta ndi pakutenga ntchito imene mumaigwira mosaganizira n'komwe, n'kuiduladula mpaka pasatsale malo alionse onena kuti "pamenepa aliyense akudziwa". Kompyuta sidziwa kanthu. Imachita zimene mwalemba, motsata mmene mwazilembera, mwaliwiro loopsa, ndipo ngati zimene mwalembazo n'zolakwika imalakwitsanso mwaliwiro lomwelo.

N'chifukwa chake tigwira ntchito imodzi imene ambiri tikuidziwa: kuwerengera ngongole ndi kugawa phindu mu banki m'khonde. Masamu ake ndi osavuta, ndipo pulogalamu ikanama mudzaigwira nokha chifukwa yankho loona mungathe kulipeza ndi cholembera. Mufunika foni ya Android kapena kompyuta, kope, cholembera ndi madzulo angapo opanda chintchito.

1. Konzani chida

Tigwiritsa ntchito chilankhulo cha Python. Pa foni, pitani pa Play Store mukatenge Pydroid 3, pulogalamu yolembera ndi kuyendetsa Python. Pa kompyuta, tengani Python 3 pa python.org. Ngati ndi ya Windows, musaiwale kuchonga kabokosi kolembedwa kuti "Add python.exe to PATH" musanadine batani loyamba kuikira. Python imabwera ndi pulogalamu yolemberamo yotchedwa IDLE, koma ongoyamba kumene ambiri amamasuka ndi Thonny, imene inapangidwa ku yunivesite ya Tartu ku Estonia poganizira ophunzira. Bandulo mudzaononga ulendo umodzi wokhawu. Mukamaliza kuika, zonse zimene zili m'munsimu zimatheka popanda intaneti.

Python inatulutsidwa mu 1991 ndi Guido van Rossum wa ku Netherlands, ndipo ndaisankha chifukwa ilibe zizindikiro zambiri zosokoneza maso. Mawu ake apadera ndi a Chingerezi, koma safika 40, ndipo lero tigwiritsa ntchito ochepa chabe. Mayina ena onse mudzapereka nokha, m'Chichewa ngati mukufuna. Mukapeza phunziro pa intaneti limene likulemba `print "moni"` popanda mabulaketi, lisiyeni. Imeneyo ndi Python 2, imene eni ake anasiya kuisamalira mu 2020.

Olemba pa foni, lowani kaye m'masetingi a kiyibodi muzimitse zija zokonza mawu zokha ndi zoyamba chiganizo ndi chilembo chachikulu. Kwa Python, `Print` ndi `print` ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kiyibodi yofuna kukuthandizani idzakuvutitsani usiku wonse.

2. Lankhulani nayo, muone zimene zili mkati

Tsegulani fayilo yatsopano, lembani mizere iyi, kenako dinani batani loyendetsera pulogalamu. Mu Pydroid ndi lachikasu lokhala ndi kamuvi, mu IDLE ndi mu Thonny dinani F5.

```
print("Muli bwanji?")
print(250 * 4)
print(ord("A"))
print(bin(65))
print(ord("ŵ"))
```

Mizere iwiri yoyambayo ndi yodziwikiratu. Wachitatu udzakupatsani 65, wachinayi 0b1000001, wachisanu 373. Pamenepa tiime pang'ono, chifukwa mwasuzumira m'mimba mwa makinawo.

M'kati mwa foni yanu muli tizida tating'ono kwambiri totchedwa matransistor, mabiliyoni ambiri, ndipo kalikonse kamakhala koyaka kapena kozima. Koyaka timati 1, kozima 0. Kamodzi koteroko ndi bit. Mabit asanu ndi atatu akakhala pamodzi amapanga byte, imene ingasunge nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 255. Kompyuta ilibe zilembo, ilibe zithunzi, ilibe nyimbo. Ili ndi manambala okha, ndipo anthu anachita kugwirizana kuti nambala yakuti iziimira chakuti. Mgwirizano wa ASCII, umene unayamba mu 1963 ku America, uli ndi zizindikiro 128 zokha, ndipo m'menemo A ndi 65, imene m'ma 0 ndi ma 1 imalembedwa 1000001. Chilembo cha ŵ munalibe. Chinapeza malo mu Unicode, mgwirizano waukulu umene unatuluka koyamba mu 1991 kuti ukwanire zilembo za zilankhulo za dziko lonse. Mukadzaona dzina la Malaŵi litalembedwa kuti MalaÅµi pa tsamba lina la intaneti, dziwani kuti manambala ake ndi olondola, koma pulogalamu yowawerenga ikugwiritsa ntchito mgwirizano wina wosiyana ndi wa imene inawalemba.

Malamulo nawonso ndi manambala. Purosesa, mbali ya kompyuta imene imachita zowerengera, imamva timalamulo tating'ono monga "tenga nambala ili apa", "iphatikize ndi iyo", "ngati yankho ndi 0 dumphira pa lamulo lakuti". Akale ankalemba timalamulo timeneti pamanja, kamodzikamodzi. Grace Hopper mu 1952, kenako gulu la John Backus ku IBM limene linatulutsa chilankhulo cha FORTRAN mu 1957, anasonyeza kuti kompyuta yomweyo ingathe kumasulira mawu omveka kwa munthu kukhala timalamulo ta makina. Mukadina batani lija, Python ikugwira ntchito yomasulira yomweyo pa mizere yanu.

3. Tsekani foni, tengani kope

Gawo ili ambiri amalidumpha, ndipo ndi limene limasiyanitsa wopanga mapulogalamu ndi wongokopera za ena.

Tiyerekeze kuti membala akufuna kukongola K50,000, ndipo gulu lanu limaika chiwongoladzanja cha 20 peresenti pa mwezi. Lembani m'kope, m'Chichewa, zonse zimene mlembi amachita kuyambira pamene membalayo wakweza dzanja mpaka pamene wauzidwa ndalama zoti adzabweze. Muzilemba ngati mukulembera mlembi watsopano amene amadziwa masamu bwino koma sanakhalepo pa msonkhano wa gulu lanu ngakhale kamodzi, ndipo safunsa mafunso. Zingaoneke chonchi:

Funsa ndalama zimene akufuna. Yang'ana masheya ake. Ngati zimene akufuna zaposa masheya ake kuchulukitsa katatu, mukanize, ndipo imira pomwepo. Apo ayi, chulukitsa ndalamazo ndi 20, gawa ndi 100, ndicho chiwongoladzanja. Phatikiza ndi ngongoleyo. Muuze zonse pamodzi.

Lamulo la katatulo magulu ambiri amalitsata. Linachokera ku ndondomeko ya magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama imene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991. Ngati kwanu mumachita mwina, lembani zakwanu.

Zimene mwalembazi ndi zimene akatswiri amazitcha algorithm: mndandanda wa zochita zomveka bwino, zokhala ndi poyambira ndi pothera. Sizifuna magetsi. Mu 1843 Ada Lovelace anasindikiza ndondomeko yowerengera manambala a Bernoulli pa makina a Charles Babbage otchedwa Analytical Engine, makina amene sanamangidwe n'komwe. Pulogalamu inayamba kukhalapo papepala, makina oti aiyendetse kulibe.

4. Sandutsani kope kukhala Python

Yambani ndi masamu okha.

```
ngongole = 50000
peresenti = 20
chiwongola = ngongole * peresenti / 100
zonse = ngongole + chiwongola
print(zonse)
```

Mawu akuti `ngongole`, `peresenti`, `chiwongola` ndi `zonse` ndi mayina amene mwapatsa manambala kuti muziwaitana nawo. Dzina lotere limatchedwa variable. Chizindikiro cha `=` pano sichikunena kuti mbali ziwirizo n'zofanana monga tinaphunzirira kusukulu. Chikulamula kuti: werengera zili kumanja, yankho lake ulisunge pa dzina lili kumanzere. Gwirani zimenezi, chifukwa posachedwa muona mzere umene mphunzitsi wa masamu angaukane.

Yankho lituluka 60000.0, ndipo kadontho ndi 0 wakumapetoyo n'zofunika kuzimvetsa. Mukagawa ndi `/`, Python imapereka nambala ya mtundu wokhala ndi zidutswa, yotchedwa float. Manambala amtunduwu sasungika ndendende m'ma 0 ndi ma 1. Yesani nokha `print(0.1 + 0.2)`. Mupeza 0.30000000000000004. Foni yanu sinaonongeke, makompyuta pafupifupi onse amayankha chomwecho, pa chifukwa chofanana ndi chimene 1 kugawa ndi 3 sathera polemba 0.3333. Pa ndalama za anthu, kacholakwika kotere kakabwerezedwa kambirimbiri kamadzaoneka. Choncho ife tigwiritsa ntchito manambala athunthu okha, ndipo pogawa tizilemba `//`, imene imagawa n'kutaya zotsala. Sinthani mzere wachitatuwo, muyendetsenso. Tsopano ndi 60000.

Kenako pulogalamu izifunsa yokha m'malo moti muzisintha nambala m'kati mwake.

```
masheya = int(input("Masheya anu ndi zingati? "))
ngongole = int(input("Mukufuna kukongola zingati? "))

if ngongole > masheya * 3:
    print("Pepani, malire anu ndi", masheya * 3)
else:
    chiwongola = ngongole * 20 // 100
    print("Mudzabweza", ngongole + chiwongola)
```

Pali zinthu zitatu zatsopano. `input` imadikira kuti munthu alembe kanthu, ndipo zilizonse zimene walemba imazitenga ngati mawu, ngakhale zitakhala manambala. Kwa Python, "50" kuphatikiza "50" ndi "5050", chifukwa mawu imangowalumikiza. `int` ndiye imasandutsa mawuwo kukhala nambala. Chachiwiri ndi `if` ndi `else`, pamene pulogalamu imasankha njira. Mukalowa mu Airtel Money kapena Mpamba n'kufunsidwa kuti musankhe 1, 2 kapena 3, kuseri kwake kuli kusankha kwa mtundu womwewu. Chachitatu ndi mipata inayi imene ili kumayambiriro kwa mizere ina. Si yokongoletsa. Ndi imene ikuuza Python kuti mizere imeneyo ndi ya `if` kapena ya `else`. Mukaiiwala, pulogalamu ikana kuyenda. Musaiwalenso madontho awiri a kumapeto kwa mzere wa `if` ndi wa `else`.

Yesani ndi masheya 20000 ndi ngongole 50000. Kenako ndi ngongole 70000. Kenako 60000 ndendende. Kodi membala wofuna katatu ndendende aloledwe? Pulogalamu yathu ikumulola chifukwa talemba `>`. Tikanalemba `>=` ikanamukaniza. Kachizindikiro kamodzi kakusankha ngati munthu abwerere kwawo ndi ndalama kapena chimanjamanja, ndipo si Python imene ingakuuzeni chabwino n'chiti. Ndi malamulo a gulu.

5. Kubwereza, ndi funso limene linabisala m'kope

Membala uja walephera kubweza kwa miyezi itatu. Ali ndi ngongole ya zingati? Musanalembe kanthu, werengerani pamanja.

Ena mwa inu mwapeza K80,000: chiwongoladzanja cha K10,000 mwezi uliwonse, katatu, kuphatikiza K50,000 ija. Ena mwapeza K86,400, chifukwa mwezi wachiwiri mwawerengera 20 peresenti pa K60,000, mwezi wachitatu pa K72,000. Onse mwachita masamu olondola. Kusiyana kwa K6,400 kwachokera pa lamulo limene sitinalilembe m'kope pa gawo lachitatu: kodi chiwongoladzanja chosabwezedwa chimaberekanso chiwongoladzanja? Pa msonkhano, nkhani yotere imatha kukhala zaka osaionapo mpaka tsiku limene wina wachedwa kubweza, ndiye mkangano umabuka. Pulogalamu sikulolani kuizemba. Simungalembe mzere wotsatira musanasankhe.

Kwa ine, apa ndi pamene pali mtima wa ntchito yopanga mapulogalamu. Nthawi yambiri ya akatswiri imathera pofunsa eni ntchito mafunso amene eni akewo sanadzifunsepo. Kutayipa n'kochepa.

Nayi njira yachiwiri ija:

```
ngongole = 50000
for mwezi in range(1, 4):
    ngongole = ngongole + ngongole * 20 // 100
    print("Mwezi", mwezi, "ngongole ndi", ngongole)
```

Uwu ndi mzere uja ndinanena: `ngongole = ngongole + ...`. Uwerengeni monga lamulo: tenga ngongole ya panopa, wonjezerapo 20 peresenti yake, yankho likhale ngongole yatsopano. `for` imabwereza mizere imene ili pansi pake, ndipo kubwereza kotere kumatchedwa loop. `range(1, 4)` imapereka 1, 2, 3, imaima isanafike pa 4. Zimenezi zimapunthwitsa pafupifupi aliyense poyamba, ndipo kuphonya ndi imodzi ndi cholakwika chimene ngakhale akatswiri amachita.

Muone 60000, 72000, 86400. Tsopano lembani nokha njira yoyamba ija, yoti ituluke 80000. Sindikupatsani mizere yake, koma nayi nzeru: werengerani chiwongoladzanja kamodzi, loop isanayambe. Mukamaliza, sinthani 4 kukhala 13 m'mapulogalamu onse awiri muone kusiyana kwake pakatha chaka. Njira yoyamba ikupatsani K170,000. Yachiwiri ipitirira K440,000.

6. Anthu ambiri, ntchito imodzi

Chaka chafika kumapeto, nthawi yogawana yakwana. Aliyense alandire masheya ake ndi gawo la phindu molingana ndi masheyawo.

```
mamembala = {"Nambewe": 30000, "Phiri": 45000, "Nabanda": 25000}
phindu = 40000

def gawo(masheya, onse, phindu):
    return phindu * masheya // onse

onse = sum(mamembala.values())
for dzina, masheya in mamembala.items():
    print(dzina, masheya + gawo(masheya, onse, phindu))
```

Mzere woyamba ndi dictionary, mmene dzina lililonse lamangirizidwa ku nambala yake monga mu kaundula. `def` ikupanga function, kantchito kokhala ndi dzina kamene mumakapatsa manambala, iko n'kukubwezerani yankho. Ubwino wake ndi wakuti lamulo logawira lalembedwa malo amodzi. Gulu likadzalisintha, mudzakonza mzere umodzi basi. Mayi Nambewe alandire 42000, bambo Phiri 63000, mayi Nabanda 35000. Phatikizani pamanja: 140000, ndiye kuti masheya onse 100000 ndi phindu 40000. Zagwirizana.

Wonjezerani mayina ena 20 m'dictionary muja. Mizere ina yonse musaikhudze. Igwirabe ntchito, ndipo ikanagwiranso ndi mayina 20,000.

7. Iphwanyeni dala

Pulogalamu imene yayenda kamodzi ndi manambala okoma sinayesedwe. Tsopano khalani membala wovuta uja, amene gulu lililonse lili naye.

Bwererani ku pulogalamu ya gawo lachinayi. Ikafunsa ngongole, lembani 50,000 ndi chizindikiro chake cha koma (,) monga timalembera tonse. Igwa, ndipo idzalavula mizere ingapo ya Chingerezi yoopsa maonekedwe. Musathawe. Yambani kuwerenga mzere wotsiriza. Ukunena kuti ValueError, ndiye kuti `int` yapatsidwa chinthu chimene singathe kuchisandutsa nambala. Pamwamba pake pali nambala ya mzere umene vuto lachitikira. Mayina amene mudzakumana nawo kawirikawiri ndi ochepa. SyntaxError ndi pamene mwaphonya kalembedwe, monga bulaketi yosatseka. NameError ndi pamene mwaitana dzina limene kulibe, nthawi zambiri chifukwa cha chilembo chimodzi cholakwika. TypeError ndi pamene mwasakaniza mawu ndi manambala. Kukonza vuto la koma ndi kosavuta: `int(input("Zingati? ").replace(",", ""))`.

Lembaninso ngongole ya -5000. Pulogalamu ivomera mwaulemu n'kunena kuti mudzabweza -6000. Palibe uthenga wofiira, palibe chenjezo. Zolakwika zoterezi ndi zoopsa kuposa zogwetsa pulogalamu, chifukwa zimadutsa mwakachetechete. Ikani `if` wina wokana nambala iliyonse yosaposa 0.

Pa pulogalamu yogawa phindu, ikani masheya a onse kukhala 0, muone ZeroDivisionError. Kenako apatseni onse atatu masheya ofanana, phindu likhale 10000. Aliyense apeza phindu la 3333, ndipo K1 yasowa, yatayidwa ndi `//` uja. Pa anthu atatu ndi yoseketsa, koma msungichuma amene kope lake silikugwirizana ndi ndalama za m'bokosi saseka. Lembani mzere wowerengera zotsala, ndipo gulu lisankhe kopita nazo.

Musaganize kuti izi ndi za ophunzira okha. Pa 4 June 1996 roketi ya ku Ulaya yotchedwa Ariane 5 inaphulika patangopita masekondi pafupifupi 40 itanyamuka ku Kourou, ku French Guiana. Mbali ina ya pulogalamu yake inatengedwa ku roketi yakale ya Ariane 4. Roketi yatsopanoyo inkathamanga mosiyana, ndipo nambala ina inakula kuposa malo a mabit 16 amene inkayenera kusungidwamo, amene malire ake ndi 32,767. Pulogalamuyo inali itagwira ntchito bwino kwa zaka zambiri, koma pa manambala a roketi ina.

Mukasowa pogwira, njira yakale imene imathandizabe ndi kuika `print` pakati pa mizere kuti muone zimene dzina lililonse lasunga pa nthawi imeneyo, n'kuyerekeza ndi zimene mwapeza m'kope. Za ChatGPT ndi anzake, maganizo anga ndi awa: afunseni kuti akufotokozereni uthenga wa cholakwika umene simukuumva, koma m'miyezi yoyambayi musawalole kukulemberani pulogalamu yonse. Adzakupatsani mizere yooneka bwino imene yasankha yokha pakati pa K80,000 ndi K86,400, ndipo inu simudzadziwa kuti panali chosankha.

8. Pamene sayansi ya makompyuta imayambira

Mpaka pano tafunsa funso limodzi: kodi yankho n'lolondola? Sayansi ya makompyuta imafunsanso ena awiri. Kodi litenga nthawi yaitali bwanji ntchito ikakula? Nanga kodi n'zotheka n'komwe?

Tiyerekeze kuti muli ndi kaundula wa mayina 1,000,000 ndipo mukufuna limodzi. Mukamayang'ana limodzilimodzi kuyambira pamwamba, tsiku latsoka mudzawerenga onse miliyoni. Koma ngati mayinawo asanjidwa kuyambira A mpaka Z, tsegulani pakati. Dzina lanu likakhala la kutsogolo, theka lonse la kumbuyo mwathana nalo. Tsegulaninso pakati pa theka lotsalalo. Njira imeneyi imatchedwa binary search. Tiiyese pa manambala.

```
nambala = 734521
pansi = 1
pamwamba = 1000000
maulendo = 0

while True:
    pakati = (pansi + pamwamba) // 2
    maulendo = maulendo + 1
    if pakati == nambala:
        break
    if pakati < nambala:
        pansi = pakati + 1
    else:
        pamwamba = pakati - 1

print("Ndaipeza pa ulendo wa", maulendo)
```

`while True` imabwereza mpaka itakumana ndi `break`. Onaninso `==`, zizindikiro ziwiri, imene imafunsa ngati zinthu ziwiri zili zofanana, mosiyana ndi `=` imene imasunga. Sinthani `nambala` kukhala iliyonse ya pakati pa 1 ndi 1000000. Maulendo sadzapitirira 20, chifukwa 2 mukamuchulukitsa yekha ka 20 amafika 1,048,576. Kaundula atakula kufika mayina biliyoni imodzi, maulendo angakhale 30 okha. Foni ndi yomweyo, chilankhulo ndi chomwecho, chasintha ndi kaganizidwe. Kusanja zinthu mwachangu, kupeza njira yaifupi pa mapu, kubisa uthenga kuti wina asauwerenge panjira, zonsezi ndi nkhani za mtundu umenewu, ndipo ndi zimene ophunzira sayansi ya makompyuta amathera nazo zaka.

Tsopano chotsani `+ 1` pa mzere wa `pansi = pakati + 1`. Ikani `nambala` kukhala 500000. Ipezeka ulendo woyamba, ngati kuti palibe chaonongeka. Ikani 1000000. Sikirini ingokhala duu. Pulogalamu yakakamira pa 999999, ikuzungulira pomwepo, ndipo sidzaima mpaka batire itatha. Pa kompyuta dinani Ctrl ndi C pamodzi, pa foni tulukani ndi batani lobwerera. Tsatirani m'kope maulendo awiri omaliza, muone chifukwa chake.

Mwina mungafunse kuti, bwanji Python sinandichenjeze kuti pulogalamuyi sidzatha? Pa kapulogalamu kamodzi ngati aka, munthu angathe kuona vutolo. Koma mu 1936, makompyuta amagetsi asanabwere, Alan Turing wa ku Cambridge anatsimikizira ndi masamu kuti sipangakhale ndondomeko imodzi yotha kuyang'ana pulogalamu ina iliyonse n'kunena molondola nthawi zonse ngati idzaima kapena idzazungulira mpaka kalekale. Si nkhani yoti makina akadali ofooka. Ngakhale kompyuta yamphamvu chotani singathe.

9. Itengereni ku ntchito yeniyeni

Pemphani chilolezo kwa gulu lanu kuti mubwereke kope la chaka chatha. M'malo mwa mayina enieni ikani manambala kapena zilembo, chifukwa ngongole za anthu si zoyenda nazo m'foni imene ana amaseweretsa. Lowetsani masheya ndi phindu, muyerekeze zimene pulogalamu yapeza ndi zimene anthu analandira. Pamene zasiyana, pali zotheka zitatu: pulogalamu yalakwa, mlembi anaphonya, kapena pali lamulo lina limene gulu limatsata koma inu simunalilembe, monga chindapusa cha ochedwa pa msonkhano kapena thumba la zadzidzidzi limene siligawidwa. Yambani kukayikira pulogalamu yanu musanakayikire mlembi.

Mudzaona msanga kuti pulogalamu ikatsekedwa imaiwala zonse. Chotsatira choti muphunzire ndi kusunga zinthu mu fayilo, pogwiritsa ntchito `open`, kenako mafayilo a CSV amene amatsegukanso mu Excel, kuti msungichuma amene sadziwa Python athe kuwaona. Mukafika pofuna maphunziro adongosolo, kosi ya CS50 ya ku Harvard, imene amaphunzitsa David Malan, ili pa intaneti kwaulere. Imayamba ndi chilankhulo cha Scratch, n'kupita ku cha C, kenako Python. Mavidiyo ake ndi aatali ndipo amadya bandulo, choncho ndi bwino kuwatenga pamene mwapeza Wi-Fi n'kumaonera kunyumba. Ntchito zimene amapereka kumapeto kwa phunziro lililonse muzizichita zonse, ndipo iliyonse muziyamba kuilemba m'kope musanatsegule Python.